Makina alira maola atatu, mbale zatuluka ndi nsima

Kunja kukungocha kumene, koma m'khitchini ya nyumba ina yogona alendo mu mzinda wa Lilongwe ketulo yayamba kale kuwira. Mtsikana wovala epuloni akutsegula chitseko cha makina otsukira mbale. Akukoka basiketi yapansi, akutola mbale yoyamba n'kuipendeketsa cha ku kuwala kwa babu.

M'mphepete mwake muli nsima youma gwa.

Yachiwiri akuikhudza ndi chala, chala chikuterera ndi mafuta a nkhuku ya dzulo. Matambula ali mbuu. Pa makapu a tiyi, omwe anawavundikira bwinobwino usiku, padikha timadzi tokhala ndi tizinyalala tofiirira tomwe dzulo panalibe.

Alendo akhala kale patebulo, akudikira tiyi.

Mtsikanayo sakuyankhula kanthu. Akusenza mbale zonse kupita nazo ku sinki, akutsegula mpopi, akuyamba kukwecha chimodzichimodzi. Makina adya magetsi, amwa madzi, atha sopo wodula, koma ntchito yonse yabwerera m'manja mwa munthu.

Mayi mwini malowa anagula makinawa kwa m'bale wawo yemwe anabwera nawo kuchokera ku Britain atagwirako kale ntchito zaka zingapo. Miyezi yoyamba ankawatamanda kwa aliyense wolowa m'khitchini. Tsopano maganizo awo agawika pawiri: mwina makina afa, mwina mtsikanayu ndi wosasamala. Maganizo achiwiriwa ndi omwe amatuluka pakamwa kawirikawiri.

Cha m'ma 10 koloko panafika mmisiri wokonza mafiriji ndi makuka, atakwera kabaza, chikwama cha zida chili pamsana. Poyamba chikwamacho sanachitsegule n'komwe. Anazula pulagi pakhoma, anagwada, anatulutsa basiketi yapansi n'kuiika pambali. Pansi penipeni pa makina, pakatikati, pali kachinthu kobulungira ka pulasitiki. Anakagwira, anakapotokola cha kumanzere, kanazuka.

Fungo linadzaza khitchini yonse.

Kachinthuko ndi sefa, koma timabowo take sitinkaoneka. Inali itamatidwa ndi phala lotuwa la mafuta ndi ufa. M'kati mwake munali minga ya chambo, njere za tomato, mpunga wofufuma, kapepala komatuka pa botolo la jamu, chotokosera m'mano, ndi kachidutswa ka galasi kakuthwa komwe mmisiriyo anakatola mosamala ndi pulayazi.

“Mayi, sefayi inatsukidwapo liti?” anafunsa.

Mayiwo anayang'ana mtsikana. Mtsikana anayang'ana pansi, kenako anayankha motsitsa mawu kuti samadziwa kuti chinthucho chimachoka. Mayiwo nawonso samadziwa. Makina anabwera opanda buku lake, ndipo yemwe anawagulitsa anangoonetsa batani loyatsira ndi kabokosi koikamo sopo.

Makina otsukira mbale akadali achilendo m'Malawi. Nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM kapena mpopi wa m'nyumba, ndipo mbale zimatsukidwa m'beseni n'kuyanikidwa pa thandala monga kale. Koma m'mahotela, m'malo odyera, m'malo ogona alendo ndi m'nyumba zina za ku Area 43 kapena ku Namiwawa makinawa alimo, ena atsopano, ena obwera m'makontena pamodzi ndi katundu wa abale akunja. Ndipo dandaulo limamveka lofanana paliponse: poyamba ankatsuka bwino, pano basi.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti makinawa sadzaza madzi m'kati monse. Amatunga madzi ochepa chabe, omwe amadikha pansi, amawatenthetsa, kenako pampu imawakankhira m'timikono ta pulasitiki tokhala ndi timabowo. Mphamvu ya madzi otuluka m'timabowomo ndi yomwe imazunguza timikonoto, ndipo madzi amathovokera mbale kuchokera pansi. Akagwa, amadutsa pa sefa, n'kubwereranso mu pampu. Madzi omwewo amazungulira kambirimbiri makina asanawataye ndi kutunga ena otsukuluzira.

Ichi n'chifukwa chake makina amakono amatha kutsuka mbale za banja lonse ndi malita pafupifupi 10, theka la ndowa ya malita 20.

Ichi n'chifukwa chakenso sefa ikatsekeka zonse zimasokonekera. Pampu imasowa madzi okwanira, mphamvu imachepa, ndipo zinyalala zomwe zimayenera kukodwa zimangoyandama n'kukamatirira pa makapu a m'basiketi yapamwamba. Tizinyalala tofiirira tija ndi ndiwo za dzana.

Mmisiri uja anatengera sefa ku sinki. Madzi ofunda, sopo pang'ono, mswachi wakale. Anakwecha mpaka kuwala kunayamba kudutsa pa timabowo tonse. Anatsukanso kachitsulo kafulati kokhala pansi pake, anapukuta m'dzenje momwe sefa imakhala, n'kuibwezera mpaka inamveka kuti yakhala. Anachenjeza kuti sefa yongoikidwa osamangitsa ndi yoopsa kuposa yakuda, chifukwa fupa kapena galasi limadutsa n'kukaphwanya pampu.

Kenako anagulula timikono tonse tiwiri. Kapansi kanangokokedwa, kapamwamba kanali ndi natii ya pulasitiki. Atakagwedeza pafupi ndi khutu, m'kati munalira tinthu. Anatenga waya wopyapyala n'kuyamba kutokosa bowo lililonse. Munatuluka njere za mandimu, timakoko ta mazira, ndi njere ya mpunga yomwe inali itatseka ndendende bowo lakumapeto.

Bowo lakumapetolo ndi lofunika kwambiri. Linabooledwa chopendekeka dala kuti madzi akamatuluka azikankha mkono. Likatsekeka, mkono umaima malo amodzi, ndipo mbale za mbali imodzi zimatuluka zowala pomwe za mbali ina zimatuluka momwe zinalowera.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati mikono ikuzungulira, ndipo anaionetsa mtsikana uja. Lozetsani mikono yonse kuchitseko, tsekani, yatsani, dikirani mpaka phokoso la madzi limveke kwa kanthawi, imitsani, tsegulani pang'onopang'ono. Mukaipeza ili pomwe munaisiya, vuto mwalipeza.

Ntchito yonseyi sinafike ola. Palibe chipangizo chomwe chinagulidwa. Ataika mbale zomwe zinatsala ndi kuyatsa, phokoso lenilenilo linasintha: madzi ankamveka akumenya chitseko mwamphamvu, mosinthanasinthana. Masana mbale zinatuluka zotentha, zolira pa chala. Mayi aja analipira mmisiri, ndipo anamuuza mtsikanayo kuti Loweruka lililonse azitsukira limodzi sefayo.

Mbiri ya makinawa imayambiranso pa bwana ndi antchito. Josephine Cochrane, mayi wa m'tauni ya Shelbyville ku Illinois, m'dziko la America, akuti ankadandaula kuti antchito ake akumubenthulira mbale zadothi zomwe anasiyiridwa ndi makolo. Anapanga makina oikamo mbale m'timakola ta waya, madzi otentha a sopo n'kumazipopera mwamphamvu, ndipo boma linamupatsa chiphaso cha umwini wa luso lakelo pa 28 December 1886. Mu 1893 anakawaonetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago. Oyamba kugula anali mahotela ndi malo odyera, monga momwe zililinso kuno lero.

Mfundo ya Cochrane sinasinthe mpaka pano. M'makina mulibe dzanja kapena chikwecho. Pomwe madzi sanafike, sipatsukidwa.

Apa ndi pomwe kalongedwe ka mbale kamalowa. M'makhitchini omwe ndaona, cholakwika chofala n'chobwera ndi mtima wabwino, mtima wosafuna kuwononga magetsi: kupanikiza mbale zambiri kuti zonse zipite ulendo umodzi. Mbale ziwiri zikagundana nkhope, pakati pake pamatsala pouma. Masipuni akaikidwa ofanana pamodzi amagonerana, ndipo phala la pakati pake limatuluka momwemo. Thireyi yaitali ikaimikidwa kutsogolo imatchinga kabokosi ka sopo, kachitseko kake kamalephera kutseguka, ndipo mbale zimangosamba madzi okha. Chogwirira cha poto chikatulukira pansi pa basiketi chimaimitsa mkono.

Musanatseke chitseko, zunguzani mkono uliwonse ndi chala. Ukagunda kanthu, sunthani. Mipeni iziloza pansi nthawi zonse, makamaka m'nyumba momwe muli ana.

Tsono pali nkhani ya nsima, yomwe buku lolembedwa ku Germany kapena ku Italy silingaitchule.

Nsima ikauma pa mbale imagwira ngati guluu. Sopo wa m'makina amakhala ndi mankhwala awiri ogaya chakudya: amylase, yemwe amagaya zaufa monga nsima, phala, mpunga ndi mbatata, ndi protease, yemwe amagaya za dzira, nyama ndi mkaka. Mankhwalawa amagwira ntchito, koma amafuna nthawi. Mbale zodyera usiku zomwe zagona ndi nsima mpaka m'mawa, n'kuziika pa pulogalamu yachangu ya mphindi 30, sizingayere ngakhale makina atakhala atsopano.

Pulogalamu ya Eco imatsuka ndi madzi a madigiri pafupifupi 50 ndipo imatenga maola atatu kapena kuposa. Anthu amaithawa poganiza kuti kutalikako n'kudya magetsi, chikhalirecho ndi yomwe imadya ochepa, popeza magetsi ambiri amathera pa kutenthetsa madzi. Ya mapoto imafika madigiri 65 mpaka 70, ndipo ndi yomwe imasungunula mafuta a nyama ya mbuzi kapena ya nkhumba. Makina omwe amangoyenda pa madzi ofunda mwezi ndi mwezi amaunjika mafuta m'mapaipi. Kuwayendetsa opanda mbale pa pulogalamu yotentha kwambiri kamodzi pa mwezi kumawathandiza.

Sipafunika kutsuka mbale musanaiike m'makina. Kupala n'kokwanira: mkute, minga, mafupa ndi njere zipite kudzala kapena kwa nkhuku. Koma poto wa nsima, ine ndikuti asalowemo n'komwe. Nkhoko zimafuna kunyikidwa m'madzi, ndipo zikamatuka m'makina zimakathera mu sefa. Kuonjezera apo mapoto ambiri a nsima ndi a aluminiyamu, yemwe amada ndi kuthimbirira akakumana ndi sopo wa m'makina. Mthiko ndi chipande nazo zimang'aluka ndi kutentha. Zimenezi zisiyireni manja.

Sopo nayenso ali ndi zake. Wa m'makina ndi wodula ndipo sapezeka mu golosale iliyonse, choncho akatha ena amathiramo sopo wamadzi wotsukira pamanja kapena wa ufa wochapira zovala. Zotsatira zake ndi thovu lotulukira pansi pa chitseko mpaka kudzaza khitchini. Pampu singakankhe thovu, ndiye mbale siziyera, ndipo madzi akalowa pansi pa makina amatha kuwazimitsa. Ngakhale sopo woyenerayo amafooka akakoka chinyezi. M'nyengo ya dzinja paketi yosiyidwa yotsegula pansi pa sinki imaumbika n'kukhala chibuluma. Musungeni m'chitini chotseka bwino, ndipo kabokosi ka pachitseko kakhale kouma pomuika, apo ayi amamatirira momwemo.

Omwe anagwirapo ntchito kunja zaka za m'mbuyomu amanena kuti sopo wakale anali wamphamvu. Pali choonadi pamenepo. Kale sopoyu ankakhala ndi phosphate wambiri, yemwe ankafewetsa madzi, koma akafika m'mitsinje ndi m'nyanja ankameretsa ndere zopha nsomba. Mayiko a European Union anamuchepetsa kwambiri mwalamulo kuyambira pa 1 January 2017. Kuchokera nthawiyo, mtundu wa madzi omwe akulowa m'makina unayamba kuonekera kwambiri pa matambula.

Matambula otuwa nthawi zambiri si akuda. Ndi laimu wa m'madzi.

Madzi odutsa m'miyala ya laimu amatenga calcium ndi magnesium, ndipo akatenthedwa n'kuuma amasiya zoyera. Anthu a ku London amalidziwa bwino vutoli, chifukwa dera la kummwera chakummawa kwa England lakhala pa miyala ya choko. Kuno limaoneka kwambiri kwa omwe amagwiritsa ntchito madzi a pa mjigo kapena chitsime chokumbidwa pakhomo. Suzumirani m'ketulo yanu. Ngati pansi pake pali chikhungwa choyera, makina anunso ali nacho m'kati.

Makina a ku Europe amabwera ndi chofewetsera madzi chawochawo. Pansi pake, pafupi ndi sefa, pali chivundikiro china chopotokola: mmenemo ndi mothira mchere. Mcherewo sukhudza mbale. Ntchito yake ndi kutsuka timikanda ta m'kati tomwe timagwira laimu, kuti tipitirize kugwira. Ukatha, kababu kofiira kamayaka, ndipo m'makhitchini ambiri kamangoyaka choncho chaka chonse popanda wofunsa. Mchere wake ndi wapadera, wamibulu, wopanda zosakaniza. Wa patebulo ndi wosalala kwambiri ndipo uli ndi zoonjezera zomwe zimatseka chofewetseracho. Makina obwera kunja amafunikanso kuwasintha kuti agwirizane ndi madzi a pamalo, popeza anawatchera molingana ndi madzi a nyumba yomwe achokera.

Tengani tambula yotuwa, ipukuteni ndi viniga. Ikawala, vuto ndi laimu, ndipo mchere pamodzi ndi mankhwala otsukuluzira, omwe amathiridwa m'kabokosi koyandikana ndi ka sopo, zilithetsa. Ikapanda kusintha, galasi lenilenilo ladyeka ndi sopo wambiri m'madzi ofewa otentha, ndipo silibwereranso. Kapu ya viniga yoimikidwa m'basiketi yapamwamba, makina akuyenda opanda mbale, imachotsa laimu wochepa. Koma viniga asakumane ndi mankhwala a klorini, omwe ambiri timangowatchula kuti Jik. Ziwirizi zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wapoizoni wotha kuvulaza mapapo.

Pali mavuto ena omwe ndi athu kuno. Mpopi ukauma masiku angapo, madzi oyamba kubwera amakhala ofiira ndi matope. Pomwe paipi ya makina yalumikizana ndi mpopi pali kasefa kakang'ono, kokwana pa nsonga ya chala. Kakadzaza mchenga, makina amatunga madzi ochepa ndipo mikono imazungulira mofooka. Tsekani mpopi, masulani paipi, tsukani kasefako. Madzi akangobwera, yambani mwatsegula mpopi wa pasinki mpaka ayere.

Nyumba zodalira thanki nazo zimavutika. Makina ambiri a ku Europe amafuna mphamvu ya madzi yosachepera theka la bar, kutanthauza thanki yokwezeka mamita pafupifupi 5 pamwamba pa makinawo. Thanki yokhala pa kansanja kafupi singawakwanitse popanda pampu yothandizira.

Magetsi akazima pakati pa ntchito, madzi amazizira, mafuta omwe anasungunuka amagwiranso pa mbale. Chotenthetsera madzi chimakoka mawati pafupifupi 2,000, zomwe jenereta yaing'ono kapena invata ya sola yongoyatsira mababu ndi TV singapirire. Ndipo kwa ofuna kuitanitsa kwa abale, makina a ku America amayendera mavoti 120 pomwe magetsi athu ndi a mavoti 230. Amenewo asiyeni komweko.

Sikuti chilichonse chimatheka ndi mswachi. Mukatsegula makina atangomaliza n'kupeza mbale zozizira, nthunzi palibe, sopo wosasungunuka, ndiye kuti chotenthetsera kapena choyeza kutentha chafa. Madzi akuda akamatsala pansi, yang'anani kaye ngati paipi yotayira yapindika kuseri kapena yatsekeka polumikizana ndi sinki. Paipiyo imayenera kukwera m'mwamba kaye isanatsike, apo ayi madzi a mu sinki amabwerera m'makina. Makina a Bosch amalemba E24 akalephera kutaya madzi, ndipo E15 madzi akalowa pansi pake. Ngati mwatsuka sefa, mikono ndi mapaipi koma pampu ikungong'ung'udza madzi osathovoka, apo ndi pa mmisiri. Madzi ndi magetsi zakhala pamodzi m'bokosi limeneli, choncho musapisemo dzanja pulagi ili pakhoma.

Vuto la amisiri athu si luso. Ndi zipangizo. Pampu kapena chotenthetsera cha makina a zaka khumi nthawi zambiri chimafunika kuitanitsa ku Johannesburg kapena kutali kuposa apo, ndipo makina amakhala miyezi akudikira, pamwamba pake pataikidwa maluwa. Pampu zambiri zimafa chifukwa cha fupa kapena galasi lomwe sefa yosamalidwa ikanaligwira.

Koma chondikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi anthu omwe amaima kutsogolo kwa makinawa tsiku ndi tsiku. Amene amagula si amene amagwiritsa ntchito. Amagwiritsa ntchito ndi mtsikana wa m'khitchini, mnyamata wotsuka mbale ku hotela, ndi Amalawi ambirimbiri ogwira ntchito m'nyumba za ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town, omwe ena a iwo makina otere amayamba kuwaona tsiku loyamba la ntchito. Bwana amaloza batani akuthamangira kugalimoto. Wantchito amaopa kufunsa kuti angaoneke mbuli, amaopanso kugulula chilichonse kuti angamunene kuti wawononga. Mbale zikatuluka zakuda amazitsukanso mobisa. Makina akafa, chala chimaloza iye.

Ku South Africa, lamulo la antchito a m'nyumba lotchedwa Sectoral Determination 7, la mu 2002, sililola bwana kudula malipiro chifukwa cha mbale yosweka kapena chipangizo chowonongeka. Ambiri mwa abale athu kumeneko salidziwa, ndipo omwe alibe mapepala okwanira amangokhala chete ndalama ikadulidwa. Kuno kwathu mawu oti “tikudula pa malipiro” amamvekanso m'makhitchini, nthawi zina pa vuto lomwe gwero lake ndi mchere womwe bwana sanagule.

Si chilungamo kuimba munthu mlandu pa makina omwe simunamuphunzitse.

Inu omwe muli ndi makinawa, kunyumba kapena ku bizinesi, tsegulani chitseko chake muyang'ane m'mphepete. Pali kapepala kolembedwa dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wa makinawo. Ndi nambala imeneyo buku lake limapezeka pa intaneti mwaulere. Lisindikizeni, muitane yemwe amatsuka mbale, mugwade naye limodzi, mumuonetse sefa, mikono, mothira mchere ndi kasefa ka pa mpopi, m'chilankhulo chomwe amamva. Mumuuzenso momveka kuti ali ndi chilolezo chozigulula ndi kuzitsuka sabata iliyonse.